Chiefs kapena Pirates: yankho langa kwa ongofika kumene ku Joni

Munthu akatsika basi ku Park Station, n'kupeza pogona ndi kaganyu kogwira, funso lotsatira limakhala lomweli: "Achimwene, kuno tizisapota iti?" Mwezi uno wokha andifunsa anyamata atatu, wina wa ku Mangochi, awiri a ku Mzimba, ndipo ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa mzere wa takisi ku Bree. Ndinenetu poyamba kuti ine ndine wa Kaizer Chiefs, tsono mudziwiretu kumene sikelo yanga yapendekera.

Za mtundu wa jezi sinditayirapo nthawi, mwaona kale m'misewu. Chofunika kudziwa n'chakuti matimuwa ndi kholo ndi mwana. Orlando Pirates inayamba mu 1937 ku Orlando East, m'Soweto. Kaizer Motaung anali wosewera wa Pirates yomweyo, anapita ku America kukasewerera Atlanta Chiefs, ndipo atabwerako anayambitsa timu yakeyake mu 1970. N'chifukwa chake mkangano wawo umawawa ngati wa pachibale. Amene munakulira pa Maule ndi Manoma ku Kamuzu Stadium mukudziwa kale mmene zimakhalira, kungoti kuno bwalo la FNB limalowa anthu oposa 90,000.

Ine Chiefs sindinachite kusankha. Amalume anga anakhalitsa kuno ndipo akabwera kumudzi nkhani inali ya Jack Chamangwana, Mmalawi amene anasewerera Chiefs mpaka kuiphunzitsa. Kenako kunabwera Patrick Mabedi, wotchinga kumbuyo amene anafika povala lamba wa ukaputeni. Kwa ife ana, Chiefs inali ngati timu ya kwathu yongosochera ku Soweto. A Pirates nawo ali ndi podzitamira, poti Chiukepo Msowoya anadutsako, komanso Gabadinho Mhango, amene ndimubwerera posachedwa.

Tsono imvani chimene chinandipweteka, chifukwa wofuna kulowa Chiefs ayenera kudziwa mtengo wake weniweni. Mu ligi ya 2019/20 tinakhala pamwamba pafupifupi chaka chonse, mphunzitsi ali Ernst Middendorp. Corona anaimitsa mpira, utayambiranso m'mabwalo opanda anthu mapointi athu anayamba kudontha ngati madzi m'dengu. Komabe pofika tsiku lomaliza, Loweruka la pa 5 Seputembala 2020, tinangofunika kugonjetsa Baroka, timu imene inkalimbana ndi kutuluka mu ligi. M'mawa wa tsikulo ndinalowa m'tauni kukagula jezi yoti ndivale pomwa wamkaka. Mnyamata wina wogulitsa pakhonde la sitolo analumbira kuti ndi yeniyeni, yangotuluka pakhomo la kumbuyo. Ndinapereka R350, ndalama imene ndinali nditaika padera kuti nditumize kwa mayi kumudzi. Ndinadziuza kuti mayi adikira sabata imodzi, chikho takhala tikuchidikira kuyambira 2015.

Tinaonera anthu asanu ndi mmodzi m'kachipinda kanga ku Mayfair. Khama Billiat anamwetsa chigoli, eni nyumba mpaka anagogoda kuti tichepetse phokoso. Chigawo chachiwiri Baroka inabweza, mpira n'kuthera 1-1, uku Mamelodi Sundowns ya ku Pretoria ikukwapula Black Leopards 3-0. Chikho chinapita ku Pretoria. Anzanga anatuluka mmodzimmodzi osatsanzika, kupatula mlamu wanga wa Pirates amene anatsala kuti amalize nyama ndi kundifunsa ngati jezi ikundithina. Nditaichapa koyamba, utoto wachikasu unasuluka n'kudetsa malaya anga awiri a kuntchito, ndipo baji inamatuka mbali imodzi. Wogulitsa uja pakhonde paja sindinamupezenso. Mayi anadikira mwezi wathunthu.

Chimene chinawonjezera mchere pachilonda n'chakuti chaka chomwecho Gaba, Gabadinho uja, anamwetsa zigoli 16 atavala zakuda za Pirates, n'kugawana mphoto ya womwetsa zigoli zambiri ndi Peter Shalulile. Amalawi a ku Yeoville ndi Rosettenville amene sankadziwa n'komwe kumene kuli Orlando anayamba kupingasa manja pachifuwa monga amachitira otsatira Pirates. Ine ndinkasangalala ndi chigoli chilichonse cha mwana wakwathu kwinaku ndikupempherera kuti timu yake igonje, ntchito yotopetsa mtima kwambiri.

Tikanena za zikho za posachedwa, sindinama, Pirates yatiposa. Ndi José Riveiro anatenga MTN8 katatu kotsatizana, 2022, 2023 ndi 2024, kuphatikizapo Nedbank Cup kawiri, pamene ife tinali pa chilala cha zaka khumi. Nyenyezi imene ili pamwamba pa baji yawo ndi ya 1995, pamene anagonjetsa ASEC Mimosas ku Abidjan ndi chigoli cha Jerry Sikhosana n'kukhala akatswiri a Africa. Ife tinafika ndime yomaliza ya mpikisano womwewo mu 2021, Al Ahly n'kutithira 3-0. Chonditonthoza n'chakuti nawonso atatenga ligi mu 2012 anakhala zaka zoposa khumi akungoiona ikupita kwina.

Bwalo lawo la Orlando ndi laling'ono, anthu amakhala pafupi ndi osewera ndipo nyimbo imamveka bwino. FNB pa masewero wamba imaoneka ngati msika utatha.

Pa derby yokha, pamene matimu awiriwa akumana, palibe kusiyana, onse amachitira ku FNB ndipo matikiti amatha msanga. Gulani kumalo ovomerezeka, osati kwa anyamata oima panjira ya ku Nasrec, ndipo fikani dzuwa likadali pamutu. Izi sindikunena mwanthabwala. Pa 11 Epulo 2001 anthu 43 anafa mopanikizana ku Ellis Park pa masewero a matimu awiri omwewa. Chokoma n'chakuti m'bwalomo wa Chiefs ndi wa Pirates amakhala mpando woyandikana, kunyozana mpaka kutha mawu, kenako kukwera takisi imodzi.

Ndiye ngati mulibe amalume amene anakulodzani muli mwana, ndipo mtima wanu sufuna zolimba, pitani ku Pirates. Koma ine sindingapite. Gaba atamwetsa chigoli cha patali chija pokumana ndi Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, Africa yonse ikumukamba, anabwerera ku Orlando n'kumakhalira benchi mpaka anachoka kupita ku AmaZulu. Ena amati panali zifukwa zake, ine zimenezo sindimva. Ndipo mu Meyi 2025 ku Durban, pamene Yusuf Maart anamwetsa chachiwiri n'kutipatsa Nedbank Cup pogonjetsa Pirates yomweyo 2-1, ndinatulutsa jezi yosuluka ija pansi pa sutikesi, baji ikulendewera, n'kuyenda nayo wapansi mpaka kwa mlamu wanga ku Fordsburg. Anazimitsa magetsi n'kutuma mwana kuti adzandiuze kuti adadi kulibe.