Pulogalamu ya Baibulo ya YouVersion: Mmene Inandithandizira Kuwerenga Kalata ya kwa Filemoni

Nditapatsidwa udindo wotsogolera maphunziro a Baibulo pa mlaga wathu, ndinasankha kalata ya Paulo kwa Filemoni chifukwa ndi yaifupi, ya mavesi 25 okha, ndipo ndinkaganiza kuti tidzaimaliza madzulo amodzi. Inatitengera milungu itatu, ndipo chida chimene ndinadalira pokonzekera chinali pulogalamu ya Baibulo ya pa foni yotchedwa YouVersion, imene mpingo wa Life.Church wa ku Oklahoma ku America unayambitsa mu 2008. Ndi yaulere, ndipo mukatsitsa Baibulo limene mukufuna mumatha kuwerenga popanda intaneti, chinthu chofunika kwa ife amene bandulo imatithera pakati pa mwezi.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti mabaibulo a Chichewa alimo angapo, ndipo vesi limodzi mukhoza kuliona m'mabaibulo onsewo nthawi imodzi. Muli Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu koyamba mu 1922, muli Buku Loyera, komanso Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero. Pa vesi 8 ndi 9, pamene Paulo akunena kuti ali nako kulimbika mtima mwa Khristu kulamula Filemoni koma sakutero, Buku Lopatulika limati iye akudandaulira mwa chikondi. Mawu akuti kudandaulira anatigwira mtima kuposa kupempha chabe, pakuti wodandaulira amadzichepetsa pamaso pa munthu amene akanatha kumulamula. Paulo, nkhalamba yomangidwa m'ndende, akudandaulira Filemoni, mwana wake wauzimu, chifukwa cha Onesimo, kapolo wa Filemoniyo amene anachoka kwa mbuye wakeyo ku Kolose, kuti amulandirenso monga m'bale wokondedwa. Akulonjezanso, polemba ndi dzanja lake, kuti ngati Onesimo ali ndi ngongole, iye adzabweza.

Mayi wina wachikulire pa mlaga wathu anafunsa chifukwa chimene Paulo sanangolamula kuti nkhani ithe msanga. Yankho tinalipeza pa vesi 14 titaliyerekeza m'mabaibulo atatu aja: Paulo sankafuna kuti ubwino wa Filemoni ukhale wokakamizidwa, koma uchokere mu ufulu wake. Filemoni wolamulidwa akanatsegula chitseko cha nyumba yake, mtima wake uli wotsekabe, ndipo Onesimo akanakhala m'nyumbamo monga mlendo wosafunidwa, m'nyumba momwemo mmene mpingo unkasonkhana. Ndiye chifukwa chake pa vesi 21 Paulo akutchula kumvera, koma kumvera kumene akuyembekezera ndi kochita koposa zimene wanena, ndipo lamulo silingabale chinthu chotero, popeza wolamulidwa amalekeza pamene lamulo lalekezera.

Pali mbali imodzi imene ndikufuna kuti wogwiritsa ntchito pulogalamuyi aiganizire bwino. Imawerenga masiku otsatizana amene mwaitsegula, ndipo imatumiza zikumbutso ndi vesi la tsiku lililonse. Kwa munthu amene akuyamba chizolowezi chowerenga Malemba, zimenezi ndi zothandiza, ndipo achinyamata ena pa mlaga wathu anayamba kuwerenga tsiku ndi tsiku chifukwa cha zomwezi. Koma ine ndinadzipeza usiku wina ndikutsegula pulogalamuyi mothamanga kuti chiwerengero cha masiku anga chisaduke, osati chifukwa mtima unkafuna Mawu, ndipo zinandipweteka kuzindikira kuti ndinali kuphunzitsa ena za kumvera kochokera mu mtima wosinthika pamene ine ndinali kumvera nambala. Vutolo linali langa, pakuti zikumbutsozo zimazimitsidwa mosavuta, ndipo ndinazizimitsa kwa mwezi wathunthu kuti ndione ngati ndingabwerebe ku Malemba popanda wondikumbutsa. Masiku ena ndinalephera, koma masiku amene ndinawerenga ndinakhala nthawi yaitali pa vesi limodzi ndi kupemphera nalo.

Malo olembapo maganizo anu pa vesi ndi abwino pokonzekera chiphunzitso, ndipo zilembo zimakulitsidwa kwa amene maso ayamba kufooka. Malangizo ambiri owerengera a tsiku ndi tsiku ali m'Chingelezi, kotero amene amawerenga Chichewa chokha adzapindula makamaka ndi Malemba enieniwo. Ndikuilimbikitsa kwa akulu a mpingo, amvano ndi atsogoleri a achinyamata amene alibe ndalama zogulira mabaibulo atatu osiyana, ngakhale kuti pa mlaga pomwepo ndimanyamulabe Buku Lopatulika langa la pepala, chifukwa agogo athu amamva bwino akaona tsamba likutembenuzidwa. Sabata yamawa tiyamba kalata ya kwa Akolose, m'mene Onesimo yemweyo akutchulidwa pa mutu 4 vesi 9 kuti m'bale wokhulupirika ndi wokondedwa.