Supercharger ya Toyota 86: chitsulo n'chabwino, wogulitsa ndiye ayi

Nyenyezi zitatu ndapatsa chitsulocho, supercharger yopopera mphepo yambiri mu injini kuti mphamvu ichuluke. Tikanakhala kuti tikuyeza bambo amene anandigulitsa, ngakhale imodzi sakanaiona.

Galimoto yanga ndi Toyota 86 ya 2013, yobwera kuchokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ngati zina zonsezi. Amene munaiyendetsapo matenda ake mukuwadziwa. Injini ya FA20, ya malita 2, pa pepala mphamvu yake imati 200 hp, koma ikafika pakati pa 3,000 ndi 4,500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) mphamvu imazilala. Kuti upitirire thiraki pa zitunda za msewu wa M14 popita ku Lilongwe umayenera kutsitsa magiya awiri, apo ayi uzingonunkhiza utsi wa dizilo mpaka pamwamba.

Ndisanagule ndinayerekeza ndithu mitundu ya ma supercharger. Pali za centrifugal, monga ya Jackson Racing yomwe imagwiritsa ntchito Rotrex ya ku Denmark, ndi ya HKS ya ku Japan. Izi mphepo zimaonjeza rpm ikamakwera, ndiye kukoma kwake kuli kumtunda, cha ku 6,000 ndi 7,000 rpm. Zilinso ndi oyilo wakewake amene sungamupeze pa shopu ya masipeya pa Kamuzu Road. Kwinaku kuli zokhala pamwamba pa injini: Edelbrock ya ku America ndi Harrop ya ku Australia, zonse za Eaton TVS 1320, komanso Sprintex ya twin-screw. Zimenezi ukangoponda, mphepo yafika kale. Mnzanga wina wa ku Lilongwe ali ndi ya centrifugal, ndinaiyesa; rpm ikakwera imakoka zoopsa, sindikana. Koma kuno ku Salima 7,000 rpm ukaifikira pati? Mahampu, akabaza, mbuzi, maenje a M5, kenako rodibuloko. Ndinasankha yokhala pamwamba.

Ndinagula kudzera mwa bambo wina amene amaitanitsa katundu ku Johannesburg. Mtengo wake unali wowawa, ndi dola ya nthawi imeneyo, kuonjezapo msonkho. Ena ndalama imeneyo amagulira puloti ku Senga Bay. Ndinawafunsa mobwereza za tune, kapena kuti kukonza kompyuta ya injini, chifukwa compression (kufinya mphepo mu injini) ya FA20 ndi 12.5:1, yokwera kale, ndipo ukaithira mphepo yambiri popanda kukonza kompyuta yake ndiye kuti ukuikumbira manda. Iwo amvekere, "Bwana, musadandaule, zonse zili momwemo. Mnyamata wanga amanga, inu muzingopita."

Mu Okutobala, dzuwa lija la kunyanja lili pamutu, ndinanyamuka kupita ku chinkhoswe ku Nkhotakota. Nditadutsa pa Benga ndinapeza lole ikukwawa, kutsogolo kuli mbee, ndinaponda. Galimoto inalumpha bwinobwino, kenako ndinamva kaphokoso mu injini ngati timiyala tikugubuduzika m'chitini. Nyale ya check engine inayaka, mphamvu n'kuthawa, lole ija ili pambali panga, kutsogolo kwatulukira minibasi. Ndinabwerera kumbuyo kwa lole manja ali njenjenje. Ndinakaima pa Chia, paja amagulitsa nsomba. Kutsegula boneti, kutentha kwake kosayandikirika. Anyamata a chambo anandizungulira, wina n'kumati, "Biggie, ndi mapulagi amenewo," wina akuti ndithire madzi.

Ndinaimbira wogulitsa uja. Yankho lake ndi limene likundiwawa mpaka lero: "Bwana, mwathira mafuta a m'chigubu inu." Ine amene ndinagona pamzere pa filling station kuti ndipeze petulo wa pa pampu! Nditawauza zimenezo anati andiimbiranso. Kuyambira pamenepo mauthenga a pa WhatsApp amangowerenga osayankha. Chinkhoswe chinandipita, galimoto inabwerera ku Salima itakwera lole.

Amene anandithandiza ndi makaniko wina wachinyamata wa ku Lilongwe, wodziwa kugwira laputopu. Anapeza zinthu ziwiri. Tune imene anaika inali yopangira petulo wa octane yokwera (wosagogodetsa injini msanga) wa mayiko akunja, yongokopera, osayesa n'komwe ndi mafuta athu. Chachiwiri, pulley (kagudumu kozunguzidwa ndi lamba) imene anamanga inali yaing'ono kuposa yobwera ndi kitiyo, zomwe zimazunguza supercharger mofulumira, mphepo n'kuchuluka komanso kutentha. Palibe anandiuza. Anati chinapulumutsa injini kuti isanoke ndi knock sensor, kachipangizo komva kugogoda mu injini, yomwe inabweza timing (nthawi yoyatsira mapulagi) itamva kugogodako. Anandikumbutsanso kuti petulo wathu amasakaniza ndi ethanol, wina wake wochokera konkuno ku Dwangwa, ndiye tune iyenera kupangidwa galimoto ikumwa mafuta omwewo.

Atabwezeretsa pulley yoyenera n'kukonza kompyuta, apa ndiye ndinayamba kukhululuka, osati kukhululukira bambo aja ayi, koma chitsulocho. Kuzilala kwa pa 4,000 kuja kunatheratu. Zitunda za M14 ndimakwera pa giya 5 osatsitsa, ndipo kupitirira thiraki ndi nkhani ya kamphindi. Kalikhweru kake ukaponda n'kokoma, ana a ku Kaphatenga amachita kutembenuka. Masana kukatentha kwambiri, madzi a intercooler (choziziritsira mphepo yolowa mu injini) akafunda, mphamvu imatsikako pang'ono. M'mawa ndi usiku ndiye ina. Pa nkhani ya kutenthayi ya mnzanga ija, yomwe intercooler yake ili kutsogolo kolandira mphepo, imandiposa.

Mafuta ikumwa moonjezera, makamaka phazi likalemera, ndipo kilachi yayamba kuterereka pa giya 4, ndiye bajeti ina ikundidikira. Ofuna kugula, lamba wapadera itanitsiranitu limodzi, kuno simumupeza, ndipo muone ndi maso anu nambala ya pulley asanamange. Ndalama ya tune imene bambo aja anandilipiritsa ndikuifunabe, malisiti ndinasunga.