Kachipangizo koyezera moto wa pulagi pa injini ya boti

Injini ya boti ikakana kulira, chimene umafuna kudziwa msanga n'chakuti vuto lili ku moto kapena ku mafuta. Kachipangizo koyezera moto wa pulagi ndinakagulira zimenezi, ndipo ntchito yake kamaigwira.

Kanga kali ndi sikuluwu yokulitsira kapena kuchepetsera mpata umene moto umadumpha. Mbali imodzi umalowetsa m'kapu ya pulagi, inayo umapanitsa pachitsulo cha injini, n'kukoka chingwe giya ili pa nyutulo. Ambirife tinazolowera kumasula pulagi, kuigunditsa pa injini n'kuona ngati ikuthetheka. Njira imeneyi imanamiza. Mpata wa pulagi ndi wa milimita 1 kapena kucheperapo, moti panja pano ngakhale koyilo (chimene chimapereka magetsi amphamvu ku pulagi) yotopa imaudumphitsa moto. Koma m'kati mwa silinda, mpweya utapanikizika, moto wofookawo sutulukanso. Pakachipangizoka ndimatsegula mpata kufika pafupifupi sentimita imodzi. Ukadumpha pamenepo wabuluu, ukumveka kuti tha! tha!, ndimadziwa kuti magetsi ali bwino.

Pamene kanandithandiza kwambiri ndi tsiku limene injini yanga ya mahosi 15, ya masilinda awiri, inakana kulira itagona pamvula. Kuyeza silinda yam'mwamba, moto palibe, yam'munsi, chimodzimodzi. Onse awiri akafera limodzi chonchi, ndimayamba ndi chinthu chimene amagawana. Ndinadula kaye waya wa switchi yozimitsira, ija ya kachingwe komanga padzanja, n'kukokanso: moto tha! M'switchimo munalowa madzi n'kuchita dzimbiri, ndiye inkangozimitsa injini ngakhale kachingwe kali m'malo mwake. Kabuleta, imene imasakaniza petulo ndi mpweya, sindinaikhudze n'komwe, ndipo n'chimene ndimakakondera kachipangizoka, chifukwa kabuleta yabwinobwino ikamasulidwa popanda chifukwa imabwera ndi mavuto ake.

Moto ukapezeka, kachipangizoka kamaliza ntchito yake. Zotsalazo ndi zako: kaya kasikuluwu ka mpweya pachivindikiro cha thanki n'kotsegula, kaya kampira kopopera mafuta kakulimba ukakafinya, kaya petulo wakhalitsa kapena walowa madzi. Za kompulesheni, kupanikizika kwa mpweya m'silinda kuja, sikakuuzanso kanthu.

Zokhumudwitsa zilipo. Dzuwa likawala kwambiri motowo suoneka, umachita kuphimba ndi chipewa, ndipo uli wekha n'kovuta kukoka chingwe uku ukuyang'ana. Kopanira kake n'kofewa, kamavuka injini ikagwedezeka, komanso pamalo apenti sikagwira bwino, ndiye ndimakapanitsa pamutu wa bawuti. Kamagwira dzimbiri msanga. Kanga ndimakasunga m'kabotolo kotseka.

Chimodzi musachitenge mopepuka: moto wa kachipangizoka umathetheka poyera. Ngati petulo watayikira pansi pa chivindikiro cha injini, kapena mwangopopa mafuta mpaka kununkha, pukutani kaye ndipo dikirani fungo lithe musanakoke chingwe.