Penti woletsa chuku uja, patha miyezi 9 tsopano

Ndinalonjeza kuti ndidzabweranso mvula ikadutsa ndiye ndi ine pano. Kwa amene simunamve poyamba paja, mu Okutobala ndinapenta bafa lathu kuno ku Limbe ndi penti amene pachitini analemba kuti anamuyeza mu labu ndi njira ya ASTM D3273 ndipo anakhoza 10 pa 10 poletsa chuku, tsiku lomwelo ndinagulanso katani ya pulasitiki ya pa shawa yolembedwa 99.9% mwa zilembo zikuluzikulu, mmunsimu ka ISO 22196 kosaoneka bwino. Pano ndi Julayi, chiperoni chili mkati, ngakhale matawulo sakuuma.

Katani ija musataye nayo ndalama. Pofika Febuluwale mmunsi monse munali mutada bii, madontho akuda osachoka ngakhale ndi Jik. Ndinapsa mtima ndikumati andinamiza, koma msuweni wanga amene amagwira ntchito mu labu anandiseka kwambiri, akuti achimwene munawerenga 99.9% basi osafunsa kuti 99.9% ya chani. ISO 22196 ndi mayeso a mabakiteriya, amatenga kachidutswa ka pulasitiki ka masentimita 5 mbali zonse, nkudonthezapo madzi a tizilombo, kawirikawiri E. coli ndi Staphylococcus aureus, nkuvindikira ndi kapulasitiki kena kopyapyala, nkusiya pa madigiri 35 pachinyezi chambiri kwa maola 24 okha basi, kenako amawerenga totsala poyerekeza ndi kachidutswa kopanda mankhwala. Chuku mulibemo mmenemo! Chuku ndi fangasi, mtundu wina wake, ndipo pa pulasitiki chili ndi mayeso akeake, ASTM G21, a masiku 28. Ndiye katani yanga mwina imaphadi mabakiteriya koma vuto la bafa langa silinali limenelo.

Chinanso chosokoneza mutu, pa G21 malikisi amayambira 0 mpaka 4 ndipo 0 ndiye wakhoza, kutanthauza palibe chamera, pomwe pa D3273 ndi chamutu pansi, 10 ndiye palibe chamera. Wogulitsa akakuuzani nambala yokha osatchula mayeso ake sanakuuzeni kanthu.

Penti yekha ndiye wandisangalatsa, koma osati paliponse. Kudenga ndi khoma la kuwindo kuli mbee ngati ndapenta dzulo, pomwe chaka chatha nthawi ngati ino madam ankakwecha mwezi uliwonse. Pafupi ndi pamene timaika sopo panayamba timadontho mu Marichi, ndinapukuta ndi kansalu tinachoka ndipo sitinasiye chipsera. Msuweni uja akuti pamenepo chuku sichimadya pentiyo ai, chimadya thovu la sopo ndi litsiro la mthupi lomwe laumira pamwamba pake. Mu labu, pa mayeso a D3273 aja, amapachika timatabwa topentedwa toyera bwinobwino mu bokosi lofunda, chinyezi cha 95% kapena kuposa, pansi pali dothi lomwe adzalamo chuku, milungu 4. Ndi mayeso ovuta ndithu sindikunyoza, koma mmenemo simusamba ana atatu tsiku ndi tsiku.

Pomwe walephereratu ndi pakona kuseri kwa paipi ya madzi ozizira. Penti anatukusira, nkusupuka, pansi pake pakuda. Ndinafuna kumunena pentiyo koma nditagogoda pulasitala ndinamva kuti wafewa, paipi ikudontha mkati mwa khoma mwina kuyambira kalekale, ndipo chinyezi chochokera kuseri palibe chitini chomwe chingachiletse kaya chinakhoza bwanji ku labu. Apa wolakwa ndine, ndinapenta osayamba ndafufuza chifukwa chake kona imeneyo inkada kuposa kwina konse.

Ndingagulenso? Penti eya, ngakhale ndi wodulirapo kuposa wamba. Katani ndagula yotchipa ya pamsika wa Limbe, ndimangoichapa pakatha milungu iwiri nkuyanika padzuwa likapezeka. Pulambala akubwera Loweruka kudzaswa kona ija, ndipo ulendo uno ndidikira khoma liume kaye ndisanagwire bulashi.