Corsair Hydro X: kuziziritsa kompyuta ya magemu ndi madzi, ndi pomwe ndalama yanu imagwiradi ntchito

Corsair inalowa mumsika wa zida zoziziritsira kompyuta ndi madzi m'chaka cha 2019, ndipo zidazo inazitcha Hydro X. Sikuti zonse inazipanga yokha. Pampu ya mu XD5 ndi D5 yotchuka ija ya kampani ya Xylem, maradiyeta a XR5 ndi XR7 amachokera ku Hardware Labs, pomwe ma fitting (zolumikizira mapaipi) a XF ndi a Bitspower. Kwa wogula imeneyi ndi nkhani yabwino, chifukwa makampani atatuwa anali atadziwika kale pa ntchitoyi Corsair isanabwere. Chimene Corsair inachita ndi kusonkhanitsa zidazo pansi pa dzina limodzi, kuikiratu thermal paste (phala lothandiza kutentha kudutsa) pa ma block (zida zokhala pa purosesa kapena pa graphics card, momwe madzi amadutsa n'kutenga kutentha), ndi kuwaza timagetsi tosintha mitundu ta RGB paliponse pomwe panapezeka malo.

Zida zomwe tikuunika pano ndi izi: block ya XC7 pa purosesa, block ya XG7 pa graphics card, pampu ndi thanki ya XD5, maradiyeta awiri a XR5 a 360 (okwana mafani atatu a mamilimita 120 iliyonse), paipi yofewa ya XT ya 10/13 (mamilimita 10 mkati, 13 kunja) ndi ma fitting ake a XF. Kunena mwachidule, zidazi n'zabwino, koma ndalama yake imaoneka phindu pokhapokha graphics card ikalowa nawo m'madzimo.

Amene akufuna kuziziritsa purosesa yokha asunge ndalama zake. Zoziziritsira zokonzeratu monga Noctua NH-D15 kapena Arctic Liquid Freezer III zimagwira ntchito imeneyo pa mtengo wochepa kwambiri, ndipo sizifuna kuzisamalira chaka ndi chaka. Purosesa ngati Ryzen 7 7800X3D siitulutsa kutentha kochuluka, koma kochepako kamachokera pa kamalo kakang'ono pansi pa chivindikiro chake, ndiye ngakhale mutadutsitsapo madzi ochuluka bwanji madigiri satsika kwenikweni. Graphics card ndi nkhani ina. RTX 4090 imadya mawati 450, RTX 5090 imafika 575, ndipo block imakhala pa chip penipeni popanda chivindikiro pakati. Card yomwe pa mafani ake imafika madigiri a m'ma 70 kawirikawiri imatsikira cha m'ma 50, phokoso lija n'kuzimiririka. Apa ndi pomwe mabokosi okonzeratu a Corsair, monga XH303i ndi XH305i, amakhumudwitsa: mumakhala radiyeta imodzi ya 360, mapaipi olimba, koma block ya graphics card mulibe. Ndi bwino kugula chida chimodzichimodzi.

Radiyeta ndi imene imalamula zonse. Block imangosamutsira kutentha m'madzi, ndipo kutenthako kumatuluka pa radiyeta basi. Kawerengedwe kodziwika ndi malo a fani imodzi ya mamilimita 120 pa mawati 100 alionse. Purosesa ya Core i9-14900K ya mawati 253 pamodzi ndi RTX 4080 ya mawati 320 zikupereka mawati 573, kutanthauza mafani 6, omwe ndi maradiyeta awiri a 360. Posewera purosesa siifika pamapeto pake, choncho mpata umatsalako. Ndi radiyeta imodzi kompyuta iyenda ndithu, koma mafani azilira kuposa mmene ankalirira musanawononge ndalama.

XR5 ndi yamkuwa ndipo kuchindikala kwake ndi mamilimita 30. Mukaika fani ya mamilimita 25, pafunika malo a mamilimita 55. XR7 ndi ya mamilimita 54, ndiye ndi fani ikufika 79, ndipo m'makesi ambiri imagunda RAM kapena chingwe cha magetsi a purosesa pamwamba pa motherboard. Yezani ndi rula musanaitanitse. Kesi ngati Lian Li O11 Dynamic imalandira radiyeta pamwamba, m'mbali ndi pansi, n'chifukwa chake imapezeka kwambiri pa ntchito imeneyi. Pomanga fani gwiritsani ntchito masikuluwu a m'bokosi la radiyetayo. Sikuluwu yotalikirapo pang'ono ikhoza kuboola timipaipi ta mkati, ndipo radiyeta yobooka pamenepo ndi yotaya.

Palinso chimene otsatsa malonda satchula: madzi sangazizire kuposa mpweya wa m'chipinda. Makonzedwe abwino amasunga madzi pa madigiri 10 kapena kuposerapo pang'ono pamwamba pa mpweyawo. Manambala ambiri a pa YouTube amayezedwa m'zipinda za madigiri 21 kapena 22. M'mwezi wa Okutobala ku Salima kapena ku Chikwawa, chipinda cha malata chopanda siling'i chikafika 35, madzi anu ali pa 45 kapena 48 ndipo palibe chomwe chalakwika. Pampu ya D5 malire ake ndi madigiri 60, koma musayandikire pamenepo. Kumalo otentha onjezani radiyeta, osati liwiro la pampu. Fumbi la m'chilimwe nalo limatseka timapiko ta radiyeta msanga, choncho ikani zosefera pa mafani olowetsa mpweya ndipo muzizipukuta.

XD5 ndiye chida chabwino kwambiri pa gulu lonseli. Pampu ili pansi pa thanki ya mamililita 330, ndiye lamulo lokhalo la kayalidwe ka mapaipi, loti madzi azichoka m'thanki kulowa m'pampu mwachindunji, lakwaniritsidwa kale. Zoti madzi ayambe adutsa pa radiyeta asanafike pa card musavutike nazo. Madzi amazungulira mwachangu moti kusiyana kwa kutentha pakati pa malo ofunda kwambiri ndi ozizira kwambiri kumangokhala digiri imodzi mpaka atatu. Tsatirani njira yaifupi. Pa theka la liwiro lake D5 siimveka ndipo imakankha madzi mokwanira pa ma block awiri ndi maradiyeta awiri. Zosasangalatsa zake: imatenga magetsi pa chingwe chakale cha Molex, chomwe chimakukakamizani kuonjezera chingwe china pa power supply chifukwa cha chida chimodzi, ndipo timagetsi take tili ndi pulagi ya mtundu wa Corsair, yomwe imafuna controller yawo kapena adaputa.

XC7 pansi pake ndi mkuwa wokutidwa ndi nickel, ndipo mtundu wa PRO umakwana pa malo oikapo purosesa a LGA1700, AM4 ndi AM5. Ili ndi polowera ndi potulukira madzi. Mukazisinthanitsa palibe chidonthe, koma purosesa itentha kuposa mmene iyenera kutenthera, ndipo ambiri amathamangira kusintha paste pomwe vuto ndi paipi. Paste yoikiratu ija imagwira kamodzi kokha. Mukachotsa block kuti muone ngati yakhala bwino, pukutani n'kuika ina.

Pa XG7 m'pofunika kudekha. Block imapangidwira board imodzi, osati dzina la chip. Card ziwiri zonse zolembedwa RTX 4080, ina ya ASUS ina ya Gigabyte, zikhoza kusiyana kakhalidwe ka tizipangizo pa board, ndipo block yolakwika siikhala pansi bwino kapena imakanikiza pomwe siyenera kukanikiza. Onani nambala yonse ya card yanu pa mndandanda wa Corsair. Ma thermal pad, timapadi tosamutsira kutentha ku block, amabwera atamatidwa kale, zomwe zimachotsa ntchito yodula timapadi tambirimbiri mosiyanitsa makulidwe, ntchito yomwe imasokoneza ambiri pa ma block a makampani ena. Pochotsa chozizitsira chakale, masulani masikuluwu onse, potokolani pang'onopang'ono kuti paste ilekane, ndipo kumbukirani tizingwe ta mafani tomwe timakhala tidakali polumikizidwa. Dziwaninso kuti makampani ena amakana waranti card ikatsegulidwa.

Za mapaipi, woyamba kumene ayambe ndi yofewa. Yolimba ya acrylic imakongola, koma imafuna heat gun, chingwe cha silicone cholowetsa mkati popinda, macheka ndi kusalaza m'mphepete modulamo. Mukapanda kusalaza, paipi imacheka kamphira kotseka madzi ka O-ring polowa mu fitting ndipo kudontha kumayamba patapita masiku. XT yofewa imabwera mamita 3, okwanira kesi imodzi n'kutsalako. Vuto lake n'lakuti ndi PVC yoonekera mkati: ikakhalitsa m'madzi ofunda imachita mbuu n'kumatulutsa zoterera zomwe zimakaunjikana m'timizere ta block. Paipi yakuda ya mphira wa EPDM siichita zimenezi, ndipo kumalo otentha ndi imene tingalimbikitse, bola ikhale ya 10/13 yomweyo. Fitting ya 10/13 siigwirizana ndi paipi ya 10/16, ngakhale mabowo a mkati ndi ofanana.

Mabowo onse ndi a muyezo umodzi wa G1/4, choncho ma fitting a makampani ena amalowa. Pa makonzedwe awa mufunika 10: awiri pa block iliyonse, awiri pa radiyeta iliyonse, awiri pa pampu. Onjezani okhota a madigiri 90 anayi kapena asanu, kuti paipi isapindike mpaka kutsekeka, komanso valavu yokhuthulira ndi chitsekerero chake pa malo otsika kwambiri. Valavuyi ambiri amaisiya pofuna kupulumutsa ndalama, kenako amadzaifuna tsiku loyamba losintha madzi, kesi yolemera itapendekeka pamwamba pa beseni. Mangani ndi zala zokha. Chotseka madzi ndi kamphira ka O-ring, osati mphamvu ya sipanala, ndipo kumanga mopitirira kumang'alula pulasitiki. Pa zida za acrylic musayandikizepo spirit, imachititsa timing'alu.

Musanamange, tsukani maradiyeta. Mkati mumatsala zinyalala za kufakitale. Thirani madzi a distilled ofunda mpaka theka, tsekani mabowo, khutchumulani, khuthulirani m'chiwiya choyera kuti muone zomwe zikutuluka, ndipo bwerezani mpaka madzi atuluke oyera.

Madzi a pampopi kapena a pamjigo ayi. Ali ndi mchere womwe umamatirira m'timizere, ndipo ndere zimamera. Madzi okonzeratu a Corsair a XL5 kapena XL8 ali kale ndi mankhwala oletsa dzimbiri ndi ndere. Makonzedwe ngati awa amamwa pafupifupi lita imodzi, ndiye gulani mabotolo awiri. Sankhani oonekera mkati. Amtundu wa mkaka aja amasiya matope mu block. Poti madzi ndi olemera potumiza kuchokera kunja, njira ina ndi kugula concentrate, mankhwala omwewo osathira madzi, n'kusakaniza ndi distilled malinga ndi muyezo wolembedwa pa botolo. Madzi a batire a pa filing'i siteshoni amathandiza potsukira, koma werengani bwino chizindikiro: botolo la asidi wa batire limakhala pa shelefu yomweyo. Ndipo m'njira ya madzi musalowe aluminiyamu ngakhale kachida kamodzi. Mkuwa, brass ndi nickel zimakhalirana, koma aluminiyamu ikakumana ndi mkuwa m'madzi amodzi imadyeka mpaka kubooka. Ya kunja kwa block, yosakhudza madzi, ilibe vuto.

Kuyesa ngati pakudontha n'kosavuta ndi mpweya. Kapampu koyesera, ngati ka kampani ya EK, mumakamanga pa bowo limodzi, kupopa mpaka pafupifupi 0.5 bar, n'kudikira mphindi 15. Muvi ukatsika pali potulukira, ndipo mwadziwa motherboard isananyowe. Corsair ikanachita bwino kulimbikitsa chida chimenechi kuposa timagetsi ta RGB. Podzaza madzi, zulani zingwe zonse za magetsi pa motherboard ndi pa card, siyani pampu yokha, ndipo yatsani power supply ndi jumper (kapulagi koiyatsa popanda motherboard) pa chingwe cha mapini 24. Dzazani thanki, yatsani masekondi ochepa, zimitsani madzi asanathe m'thanki, onjezani ena. D5 imatsetsereka ndi madzi omwewo, ndiye ikazungulira youma imawonongeka mwachangu. Madzi akayamba kuzungulira okha, yalani matishu pansi pa fitting iliyonse n'kusiya pampu iyende usiku wonse. Magetsi akathima pakati, yambiraninso kuwerengera nthawi. Phokoso lomveka ngati madzi akuwira limachokera ku mpweya wotsalira m'maradiyeta. Pendeketsani kesi uku ndi uku thanki ili yotseka, ndipo pakatha masiku angapo onjezani madzi, kusiyako kampata pamwamba.

XD5 imabwera ndi kachida koyezera kutentha kwa madzi. Kagwiritseni ntchito. Mafani azitsatira madzi, osati purosesa, chifukwa purosesa imadumpha madigiri ambiri mukangotsegula pulogalamu pomwe madzi amasintha pang'onopang'ono. Mafani otsatira purosesa amangokwera n'kutsika popanda phindu. Kachidaka kamalumikizidwa pa Commander, controller ya mafani ya Corsair, kapena pa motherboard yomwe ili ndi malo a sensa ya mapini awiri. Njira yachiwiriyi ndi yabwino kwa amene safuna pulogalamu ya Corsair ya iCUE iziyenda nthawi zonse, poti BIOS ya motherboard imatha kulamula mafani yokha. Chingwe cha PWM cholamulira liwiro la pampu chiikeni pa CPU_FAN kapena pa malo a pampu, kuti board idziwe pampu ikaima.

Madzi asinthidwe kamodzi pachaka, ndipo paipi ya PVC ikasintha mtundu ichoke nthawi yomweyo. Zidazi sizipezeka wamba m'mashopu a ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ambiri amaitanitsa ku South Africa kapena kutsidya kwa nyanja, ndipo fitting imodzi ikaperewera kompyuta imakhala yomasula mpaka phukusi lina litafika. Pa oda yoyamba yomweyo ikanimo ma fitting awiri apadera, zitsekerero ziwiri, paketi ya ma O-ring a G1/4 ndi chubu cha thermal paste.