Yokoka kutsogolo, yokankha kumbuyo kapena ya mateyala onse anayi, itiyo ikuyenera misewu ya ku Tete?

Abale amene mukusunga mameticais oti mugule galimoto, musanayambe kukambirana mtengo funsani kaye kuti mphamvu ya injini ikupita ku mateyala ati, chifukwa yoyenda nayo mtauni ya Tete ndi ku Moatize si yomweyo yolowa nayo kumidzi ya ku Tsangano mvula ikagwa.

Timagalimoto tambiri tochokera ku Japan, ma Vitz, ma Ractis, ma Corolla, timakoka ndi mateyala akutsogolo. Injini imakhala pamwamba pa mateyala okokawo ndiye amagwira pansi bwino ngakhale phula litanyowa, mafuta sitimwa kwambiri, komanso mkati mumakhala malo poti mulibe chitsulo chija chopita ku difu yakumbuyo. Vuto lake ndi katundu. Ikani matumba a mbatata ku buti, anthu atatu kumbuyo, muyambe kukwera chitunda cha dothi, mphuno imapepuka mateyala nkumangozungulira pamodzimodzi. Pakona mukalowa mothamanga imakana kukhota, imafuna kupita molunjika. China, mphira wa CV joint, cholumikizira chomwe chimapereka mphamvu ku teyala lakutsogolo, ukang'ambika fumbi limalowa mu girizi, mukamakhota mumangomva kuti tha tha tha, pamenepo pitani kwa mekaniko musachedwe.

Yokankha kumbuyo ndiye ya ntchito. Ma chapa athuwa, maminibasi a Hiace, ndi ma Hilux wamba ndi otero, ndipo nchifukwa chake chapa yodzaza thothotho imakwera bwinobwino zitunda za pa msewu wa N7 popita ku Zobue, kulemera konse kumatsikira pa mateyala okankhawo. Chiwongolero chimamvekanso bwino m'manja poti akutsogolo ntchito yawo nkukhota basi. Koma pikapu yomweyo ikakhala yopanda kanthu pa matope a katondo, eee, kumbuyo kumavina ngati gule, mukaponda mafuta kwambiri pakona mupezeka mwayang'ana komwe mwachokera. Madalaivala ena amaponyamo matumba a mchenga kumbuyo dala.

Tsono pa ya mateyala onse anayi ndi pomwe anthu amasokoneza. Subaru Forester mateyala onse anayi amagwira ntchito nthawi zonse, pomwe Hilux ya 4x4 masiku onse imakankha ndi kumbuyo, akutsogolo mumachita kulowetsa nokha mukafika poipa. Ndipo mukatuluka poipapo chotsani, kuyenda nayo pa phula louma ili mu 4H, giya yokoketsa mateyala onse anayi, kumamanga magiya pokhota nkuwononga zitsulo zodula. Ya ngati Subaru nayo ili ndi mwambo wake, mateyala onse anayi akhale saizi imodzi komanso otha mofanana, osati kugula limodzilimodzi la kaunjika monga timachitira. Mafuta imamwa, zokonza nzambiri. Pa buleki musadzinamize, imanyamuka bwino poterera koma poima imaterereka chimodzimodzi ndi Vitz.

Ine kuona kwanga, ngati moyo wanu ndi kuwoloka mlatho wa Samora Machel mmawa ndi madzulo, mwina kupita ku Ulongue pa phula kamodzikamodzi, yakutsogolo yakwana, ndalama yotsalayo gulirani mateyala abwino. Wonyamula katundu tengani yakumbuyo. Wa ku Furancungo kapena ku Chifunde amene amayenda dzinja lonse, 4x4 yeniyeni yokhala ndi giya ya 4L yokoka mwamphamvu pang'onopang'ono, ndipo muyang'anenso kutalika kwake kuchokera pansi, poti yotsika ikakhala pamimba m'mikwasa ya mathirakitala ngakhale akoke onse anayi mudzafunabe anyamata okankha.