Bokosi la zida za sayansi lija, patatha miyezi 9

Mu Okutobala chaka chatha ndinalemba mawu ochepa oyamikira bokosi la zida za sayansi limene komiti ya makolo ndi aphunzitsi inagulira sukulu yathu, CDSS ina kunja pang'ono kwa tawuni ya Zomba. Nthawi imeneyo n'kuti nditangoligwiritsa ntchito milungu itatu, chimwemwe chidakali m'tsaya. Aphunzitsi anzanga angapo akhala akundifunsa ngati mawu anga akadali omwewo. Pano tili mu Juni, temu yachitatu ikupita kumapeto, ndipo bokosilo lapirira fumbi la m'chilimwe, chinyezi cha Januwale ndi manja a ana a Fomu 1 oposa 80. Tsopano ndingathe kuyankha.

Kwa inu amene simunaone zoyamba zija, m'bokosimo munali ma beaker anayi agalasi ndi anayi apulasitiki, ma test tube khumi, ma thermometer awiri, mafanelo awiri, nyali ya sipiliti, kambale kophwetsera madzi, maginito, kabotolo ka tizitsulo tonga mchenga, paketi ya filter paper ndi kabuku ka malangizo. Ine ndimaphunzitsa Chemistry, ndipo ndinkalifunira makamaka mitu iwiri: kusiyana kwa zinthu zolimba, zamadzimadzi ndi za mpweya, komanso kulekanitsa zinthu zosakanikirana. Labotale tilibe. Pochita zoyesayesa timangogundanitsa madesiki awiri.

Chimene chabweza ndalama zonse za makolo ndi thermometer. Tsiku lina mu Novembala ndinalemba pa bolodi kuti madzi amawira pa madigiri 100, monga limanenera buku, kenaka tinatuluka panja n'kuika kapoto ka madzi pambaula. Mtsikana wina wamng'ono thupi, amene amakhala kutsogolo koma sakonda kulankhula, ndiye ndinamupatsa kuti aziwerenga. Ankatchula mokweza, 80, 90, 94, 96, anzake akuwerenga naye limodzi ngati akudikira chigoli. Pa 97 panaima. Madzi ali bwatabwata, koma kamzere ka mu thermometer phee. Anyamata anawonjezera makala, wina n'kumakupiza ndi chikuto cha kope mpaka thukuta, osasuntha.

"Madamu, yafa iyi," anatero mtsikana uja.

Tinatenga yachiwiri. Inaimanso pomwepo.

Zimenezi ndinaziphunzira ku koleji, koma ndinali ndisanazionepo ndi maso anga, ndipo mtima unandigunda. Mpweya wotizungulirawu umalemera, umapanikiza pamwamba pa madzi. Madigiri 100 aja ndi a kumalo otsika, ofanana ndi gombe la nyanja yamchere. Tawuni ya Zomba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamenepo, ndipo ukamakwera mpweyawo umapanikiza mocheperako, moti pa mamita pafupifupi 300 alionse madzi amawira msanga ndi digiri imodzi. Ana anaphunzira zinthu ziwiri m'mawa umodzi. Choyamba n'chakuti madzi akayamba kuwira satenthanso kuposa pamenepo ngakhale usonkhezere bwanji, moto wowonjezerawo umangofulumizitsa kuti asanduke nthunzi. Mnyamata wina anati akauza amayi ake kuti asamawononge makala nyemba zikangoyamba kubwata. Chachiwiri n'chakuti nambala ya m'buku ili ndi kwawo, ndipo kwathu kuno ili ndi ina.

Mu Meyi, ana a kalabu ya sayansi atakwera phiri la Zomba kukaona damu la Mulunguzi, ndinanyamula thermometer imodzi nditaikulunga m'sokosi. Tinawiritsa timadzi pang'ono pa nyali ya sipiliti, titatchinga mphepo ndi matupi athu. Inaima chapafupi ndi 95. Palibe anatinso yafa. Pa mayeso ndimawauza kuti azilemba 100 n'kuwonjezera kuti ndi pamalo ofanana ndi gombe la nyanja yamchere, ndipo tsopano mawu owonjezerawo amadziwa chimene akutanthauza.

Vuto lachiwiri limene bokosili linandithandiza ndi la chilankhulo chathu chomwechi. Timaphunzitsa m'Chingerezi, koma mwana wa Fomu 1 amaganiza m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndipo m'Chichewa timati shuga wasungunuka mu tiyi, timatinso majarini asungunuka padzuwa. Liwu ndi limodzi, zochitikazo ndi ziwiri zosiyana kotheratu. Zaka zonsezi ana akhala akusokoneza melting ndi dissolving pa mayeso, ndipo ine ndinkangowachonga ndi cholembera chofiira osazindikira kuti gwero lake lili pa lilime. Chaka chino ndinaika ma test tube awiri moyandikana. M'modzi ndinaponyamo kachidutswa ka kandulo n'kutenthetsa, kanasanduka madzimadzi chapafupi ndi madigiri 60, ndipo titachotsa pamoto kanalimbanso kokha. Mwinamo munali madzi ozizira, tinathiramo mchere n'kukhutchumula, mchere n'kuzimiririka popanda moto. Ndinawafunsa kuti tidikire mpaka liti kuti mcherewo ubwerere wokha ngati kandulo. Anadikira ndithu, maso ali tong'o. Kenaka tinathira madziwo pa kambale kaja n'kuwaphwetsa, mchere n'kutsala mbuu. Kandulo inafuna kutentha kokha, mchere unafuna chinthu china choti ulowemo. Kuyambira tsiku limenelo m'kalasi mwathu timati "kusungunuka kwa kandulo" ndi "kusungunuka kwa mchere", ndipo pa mayeso a temu yachiwiri olakwitsa funso limeneli anali owerengeka.

Apa galasi loonekera bwino ndi lofunikadi. M'kapu yapulasitiki ya kunyumba mwana sangaone kuti pansi patsala timibulu kapena ayi. Ndi galasi lomwelo tinaonetsa kuti madzi amakhuta: madzi okwana 100 ml amalandira mchere pafupifupi magalamu 36 basi, wotsalawo umangokhala pansi ngakhale utakasa mpaka mkono kuwawa. Koma sikelo m'bokosimo mulibe, ndiye tinkangowerenga masupuni. Limeneli ndi dandaulo langa lalikulu. Bokosi lophunzitsira zosakaniza lopanda sikelo lili ngati mtondo wopanda munsi.

Liwu lina lovuta ndi nthunzi. Ana onse amalumbira kuti choyera chotuluka m'ketulo chija ndiye madzi osanduka mpweya. Ndinawaonetsa kampata kakang'ono pakamwa penipeni pa ketulo pamene sipaoneka kanthu. Nthunzi yeniyeni ili pamenepo, siioneka. Choyeracho ndi timadontho, nthunzi itakumana ndi kuzizira n'kubwerera kukhala madzi. Mwezi uno chiperoni chikaphimba phiri m'mawa ndimangoloza pawindo, phunziro limadzichita lokha.

Tsiku limene ndidzalikumbukira nthawi yaitali ndi la madzi a m'nyanja ya Chilwa. Mnyamata wina kwawo ndi kufupi ndi doko la Kachulu, ndipo atapita kumudzi kumapeto kwa sabata anabwera ndi botolo la madzi otuwa ngati thobwa losungunula. Tinawasiya usiku wonse kuti adikhe, matope n'kukhala pansi. Tinatsanula apamwambawo pang'onopang'ono, tinawasefa pa filter paper, komabe sanayere kwenikweni, chifukwa dothi lina ndi losalala kwambiri moti limadutsa papepala. Titawaphwetsa pa kambale panatsala chikhungu choyererako. Madzi a pampopi ochuluka chimodzimodzi anasiya kachizindikiro kosaoneka bwino n'komwe. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulukamo. Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina imathiramo madzi pamodzi ndi timichere tochokera m'nthaka, dzuwa limatenga madzi okha, timichere n'kumatsalira chaka ndi chaka. Mwana uja anayang'ana kambaleko nthawi yaitali, kenaka anati agogo ake amasimba za 1968 ndi 1995 pamene nyanjayo inaphwa anthu n'kumayenda pansi pouma. "Ndiye kuti nyanja yonse ija ndi kambale kakakulu, Madamu?" Ndinamuuza kuti abwereze mokweza kuti a kumbuyo amve.

Pomwepo ndinatsindika chinthu chimene kabuku ka malangizo sikatchula n'komwe: madzi osefedwa angaoneke oyera koma tizilombo ta kolera timadutsa pa filter paper ngati palibe kanthu. Kuwiritsa kapena kuthira kolorini ndiye kumapha. Kwa ana ochokera m'mbali mwa nyanja ija, nkhani imeneyi si ya mayeso okha.

Tsopano zolephera, ndipo zilipo. Filter paper inatha Disembala asanafike. Nyali ya sipiliti moto wake ndi wofooka, kuti iwiritse theka la beaker piriyodi ya mphindi 40 imakhala yapita, n'chifukwa chake mbaula ndiyo yagwira ntchito yaikulu. Chivindikiro chake chinang'aluka mu temu yoyamba, ndipo titabwera ku holide tinapeza sipiliti yense wauluka. Ma beaker apulasitiki achita chifunga, manambala a m'mbali afufutika. Agalasi atsala awiri: imodzi inagwa, inayo ndinaiswa ndine poiika pamakala mwachindunji, pamene pamafunika kansefa kachitsulo pakati, kamenenso m'bokosimo munalibe. Tizitsulo tija tinachita dzimbiri nthawi ya mvula chifukwa botolo lake silitsekeka bwino. Ndipo mukafuna kulekanitsa tizitsulo ndi mchenga, yambani mwakulunga maginito m'kapepala kapulasitiki, apo ayi mudzakhala mukutokosa tizitsulo ndi zikhadabo mpaka madzulo. Kabuku ka malangizo kanalembedwera sukulu yokhala ndi firiji ndi gulu la ana asanu pa bokosi lililonse. Ife madzi oundana timakagula pa golosale n'kuthamanga nawo m'fulasiki, ndipo magetsi akathima usiku phunzirolo timalisinthira tsiku lina.

Kutha kwa filter paper kunandibwezera ku zimene aphunzitsi tonse tinaphunzitsidwa za TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi, zimene a Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akulimbikitsa kwa zaka zambiri. Ndinafunsa kalasi kuti ndani anaonapo amayi ake akutcheza chidulo. Manja anakwera pafupifupi onse. Phulusa la zitsononkho m'chitini choboola pansi, madzi pamwamba, timadzi toterera tikudontha m'mbale kuti tikaphikire therere. Mmenemo muli kusungunula ndi kusefa pamodzi: madzi atenga zosungunuka za m'phulusa, zosasungunuka zatsala m'chitini. Mayi anga anachita zimenezi moyo wawo wonse osadziwa kuti zili ndi dzina mu silabasi. Tsiku lotsatira atsikana anabwera ndi lichero ndi sefa, ndipo amene amakhala chete m'kalasi ndiwo anakhala aphunzitsi, akupeta mpunga wosakaniza ndi mankhusu, anyamata akuyesa n'kumamwaza. Kenaka ndinawafunsa chifukwa chake mankhusu amauluka mpunga n'kutsala, ndiponso chifukwa chake sefa singalekanitse mchere ndi shuga. Polekanitsa mitundu ya inki tinagwiritsa ntchito choko choyera: kadontho ka inki yakuda ya maka yosungunuka m'madzi chapafupi ndi kunsi, choko n'kuchiimika m'timadzi tochepa, mitundu n'kumakwera motsatizana.

Distillation ndiyo inafuna kusamala. M'bokosi mulibe chida chake, koma ana ambiri anaonapo mmene amatchezera kachasu, paipi yodutsa m'madzi ozizira, madontho akugwera m'botolo. Mowa umawira pa madigiri 78, madzi asanafike powira, n'chifukwa chake nthunzi yoyamba kutuluka imakhala ndi mowa wambiri. Ndinafotokoza zimenezi mosanyoza aliyense, podziwa kuti m'kalasimo muli ana amene fizi yawo imachokera pa ntchito imeneyo, mulinso ena amene makomo awo anapasuka nayo. Ife tinatcheza madzi amchere, ndi ketulo, kapaipi ndi nsanza yonyowa, ndipo madontho amene anatuluka analibe mchere.

Ndiye mukandifunsa ngati mugule, yankho langa lasintha pang'ono. Mu Okutobala ndinati gulani bokosi lonse. Lero ndikuti ndalama zomwezo mugulire zinthu padera, zimene kunyumba kulibe cholowa m'malo mwake: ma thermometer osachepera asanu, ma beaker agalasi lopirira moto, ma test tube, maginito angapo, kansefa kachitsulo koika pamoto ndi sikelo yaing'ono ya mabatire. Fanelo mungadule ku botolo la madzi, chophwetsera madzi chingakhale chivindikiro cha chitini, moto uli pambaula. Ndi bokosi limodzi ana 80 amangoonerera, ogwira ndi asanu okha, pamene ma thermometer asanu angapatse gulu lililonse mpata wowerenga lokha nambala ija.

Mndandanda umenewu ndapereka kale kwa ahedi kuti akaukambirane ndi komiti Seputembala asanafike. Ma thermometer awiri aja akadali amoyo, ndimawasunga m'kabati ya ku ofesi, iliyonse m'sokosi yake. Mtsikana uja anandipempha kuti akapita kwa azakhali ake ku Nsanje pa holide ikubwerayi adzabwereke imodzi, akaone ngati kumeneko, kumene kuli kotsika kwambiri, madzi akafikedi pa 100. Ndamuuza kuti abwere ndi kalata ya makolo ake, ndipo ndikamupempherera kwa ahedi.